Ng'ombe za bambo si zamasiye, eni ake ali moyo

Nkhaniyi ndaisunga mumtima nthawi yaitali, lero ndiilankhule.

Bambo anga anayamba kuiwalaiwala pang'onopang'ono, ife n'kumati ndi ukalamba basi. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, zinafika poipa. Ankadzuka pakati pausiku kufuna njinga, ati achedwa kuntchito ku Nchalo, chonsecho anapuma kalekale. Ine mwana wawo ankandipatsa moni ngati mlendo. Koma madzulo akaima pakhola, ng'ombe iliyonse ankaitchula dzina lake osaphonya.

Tsiku lina ndikuwasambitsa m'manja ndinaona inki pachala chachikulu. Nditawafunsa, anangochiyang'ana chalacho ngati cha munthu wina. Sabata isanathe ndinamva kuti ng'ombe zitatu zagulitsidwa ku Ngabu, ndipo m'bale wathu amene anagulitsayo anali ndi pepala loti mdala wavomera.

Wavomera chiyani munthu woti sakudziwa ngati wadya nsima masana? Chidindo chotere si chilolezo, ndi kuba pogwiritsa ntchito dzanja la mwini wake. Ngakhale kalata ija maloya amati power of attorney imafunika munthu aisaine mutu ukugwira, akumvetsa zimene akupereka.

Kuno kuchigwa, munthu akangosokonezeka mutu timayamba kumuwerengera limodzi ndi akufa. Ena amafika pomunena kuti ndi mfiti chifukwa choyenda usiku, pamene kutchula munthu mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limakamba za katundu wa womwalira. Wodwala sakulowamo. Khola, dimba la m'mbali mwa Shire, ndalama za mufoni, zonse ndi zake mpaka tsiku lomaliza, ndipo ntchito yake ndi kumudyetsa, kumuveka ndi kumugulira mankhwala.

Inenso ndinalakwitsapo, ndisabise. Ndinapita kubanki ndi chitupa cha bambo komanso kalata ya amfumu kuti nditape ndalama za mankhwala. Anandibweza. Ndinatuluka nditakwiya, koma ndili pa minibasi ndinaganiza: akanandipatsa ine, mawa akanamupatsanso uja wa inki. Amfumu ndi mboni yofunika, koma mphamvu yoyendetsa chuma cha munthu wodwala maganizo imaperekedwa ndi khoti, litaona kalata ya dokotala, ndipo wosankhidwayo amayankha kukhotiko akasakaza.

Ndikudziwa kuti njirayi ndi yolemetsa. Wa ku Makhanga kapena ku Marka kuti akwere chitunda cha Thabwa mpaka kukhoti ku Blantyre, thiransipoti yokha yatha mbuzi. A Legal Aid Bureau amathandiza amene sangakwanitse kulipira loya, koma kumudzi ndi angati akudziwa? Ndikanakonda nkhani zotere zizithera pafupi, pa boma pa Chikwawa kapena pa Nsanje.

Podikira mapepala, tinakhala pansi abale tonse, azakhali ndi amfumu alipo. Tinagula kope. Kwacha iliyonse yotuluka imalembedwa, anthu awiri n'kusaina. Ndipo bambo timawafunsabe, makamaka m'mawa mutu ukapepukako, chifukwa masiku ena amayankha zomveka ndithu.

Dzulo anaimanso pakhola. Anaitana Nyamatanga kawiri, katatu, kenako ananditembenukira n'kufunsa kuti, "Achimwene, yofiira ija simunaione kudambo?"