Mwana wosinza m'kalasi musafulumire kumutchula waulesi

Makolo ndi aphunzitsi, nkhani iyi ndi yathu tonse. Mwana wa zaka 15 akamawodzera pa desiki kapena kuvuta kudzuka m'mawa, timathamangira kunena kuti ndi ulesi kapena mwano. Ine ndikuti nthawi zambiri vuto lake ndi tulo basi.

Mwana akatha msinkhu thupi limasintha nthawi yake yogonera. Melatonin, homoni yomwe imabweretsa tulo, imayamba kutuluka mochedwerapo, nthawi zina ndi maola awiri, kusiyana ndi pamene anali wamng'ono. Ndiye mukamuthamangitsira kuchipinda 9 koloko, amangogona chagada maso ali gwa mpaka cha m'ma 11. Sakuchitira dala. Pomwe akatswiri a za tulo amati wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Werengerani nokha: wagona 11, mwamugwedeza 5 koloko, wagona maola angati?

Mu 2014 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalangiza kuti sukulu za ana amsinkhu umenewu zisamayambe 8:30 isanakwane. Mzinda wa Seattle, ku America, unasuntha nthawi yolowera m'kalasi mu 2016 kuti ana azilowa mochedwerapo, ndipo ofufuza anapeza kuti ana ayamba kugona mphindi 34 zowonjezera, magiredi nawo anakwerako. Si sukulu iliyonse ingasinthe belu, izo n'zoona. Koma homuweki ya aphunzitsi asanu onse kufuna mawa lomwelo, imeneyo ingachepetsedwe popanda lamulo lililonse.

Chomwe chimandinyansa kwambiri ndi kutamanda mwana wochezera usiku wonse ndi buku mayeso akayandikira, ati ameneyo ndiye wakhama. Ubongo umakhazikitsa zomwe waphunzira munthu ali m'tulo. Wochezerayo amalowa m'chipinda cha mayeso mutu uli zii, funso limodzi kuliwerenga katatu osamva kanthu.

Za foni ndiye musandiyambe. Inde, isamagone naye pamtsamiro. Koma lamulo likhale la nyumba yonse, foni zonse zizigona pabalaza, ya bambo yomwe. Simungamulande foni inuyo mukuseka mavidiyo pa Facebook pakati pa usiku, akukumvani kuseri kwa khoma.

Palinso china chofunika kuchiyang'anitsitsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo kusokonekera kwa tulo kumakhala m'gulu la zizindikiro zoyambirira. Mwana yemwe ankakonda anzake akayamba kudzitsekera, kugona usana wonse kapena kusagona n'komwe, kusiya kudya, ndipo zapitirira milungu iwiri, kukalipa sikuthandiza. Khalani naye pansi panokha, osati pamaso pa azibale ake, mumufunse kuti zikuyenda bwanji, ndipo mupite naye kwa azaumoyo.