Pa chipepala cha makolo a bwana wanga pali mayi amene samutchula

Ndimagwira ntchito pa famu ina ya mphesa kufupi ndi Stellenbosch ku South Africa, chaka chachisanu chino. Pabalaza pa abwana pali chipepala chachikulu cha mufulemu, cholemba pamanja, mndandanda wa makolo awo onse kuyambira bambo amene anatsika sitima kuchokera ku Amsterdam. Tsiku lina ndikuthandiza kusuntha mipando anandiitana nkumandilozera ndi chala, akuti uyu ndiye gogo wathu woyamba, anali wamalonda, anabwera ndi kampani ya Adatchi ya VOC kenako nkuyamba bizinesi yakeyake. Ndisaname ndinasirira, ine kwathu ndimathera pa agogo awo a amayi anga basi, kupitirira apo ndi mdima.

Koma maso anga anakakamira pa mzere wachiwiri. Pomwe payenera kukhala mkazi panangolembedwa kadzina kamodzi ndi mawu oti van de Kaap. Ndinafunsa kuti nanga awa ndi ndani bwana? Anangoti aah amenewo sitiwadziwa bwinobwino, chala nkutsetserekera mmunsi.

Zinandiwawa mpaka lero. Chifukwa mmabuku akale a kuno, van de Kaap kawirikawiri ndi munthu wobadwira mu ukapolo konkuno ku Cape.

Adatchi aja sanabwere ndi mabanja ambiri ayi. VOC inayamba mu 1602 ndipo maso ake anali pa zonunkhiritsa zakudya za ku Asia, wantchito wake Jan van Riebeeck atafika kuno mu 1652 anangotumidwa kudzakonza poima sitima zopita ku Batavia (Jakarta wa lero, ku Indonesia) kuti zizipeza madzi, ndiwo zamasamba ndi nyama. Mu 1657 kampani inamasula antchito ena kuti azilima paokha mmbali mwa mtsinje wa Liesbeek, malo omwe eni nthaka, a Khoi, ankadyetserako ng'ombe zawo, ndiye chaka chotsatira 1658 sitima ya Amersfoort nkubwera ndi akapolo a ku Angola, ambiri mwa iwo ana. Akazi achizungu anali owerengeka, ndiye mukuganiza mabanja oyamba aja anabadwa mwa ndani? Angela van Bengale anali kapolo wochokera ku India, atamasulidwa anakwatiwa ndi Arnoldus Basson, a Basson ambirimbiri lero ndi mbumba yake. Krotoa, mtsikana wa chi Khoi amene ankatanthauzira Van Riebeeck, anakwatiwa ndi Pieter van Meerhof mu 1664, anafera ku Robben Island mu 1674 atatayidwa ngati chinthu chotha ntchito, koma magazi ake ali mmabanja a Maafrikana (Mabunu) mpaka pano.

Chimene chimandisautsa ndi choti alembi a kampani omwewo amene anasunga dzina la wamalonda, tauni yakwawo ndi sitima yomwe anakwera, kapolo ankamulemba pa mndandanda wa katundu pamodzi ndi ng'ombe ndi mipando. Dzina la makolo ake ankalifufuta nkumupatsa la komwe anamugula kapena la mwezi, nchifukwa chake kuno mumakumana ndi a January, a September. Ena ankachokera ku Mozambique oyandikana nafe omwewa. Mu 1794 sitima ya Apwitikizi ya São José inamira pafupi ndi Clifton ku Cape Town itanyamula anthu oposa 500 ochokera ku Mozambique, oposa 200 anafera mmadzi, opulumuka anawagulitsa konkuno. Ukapolo unadzathetsedwa mu 1834 koma anthu anagwirabe ntchito mokakamizidwa mpaka 1838.

Ine sindikuti abwana atsitse chipepala chija, gogo wawoyo ndi wawo ndithu ndipo kuwoloka nyanja miyezi ingapo pa sitima ya matanga sichinali chibwana. Koma ine ndine Mchewa wa ku Dedza, kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mbumba timaiwerengera ku bele, ndiye kuona munthu akunyadira bambo nkudumpha mayi amene anabereka mtundu wonsewo mtima wanga sukuvomera. Mayi ameneyo anayamwitsa mwana amene dzina lake lili pa geti ya famu ino.

Ndamva kuti mabuku akale a kampani amasungidwa ku Roeland Street mu Cape Town ndipo munthu wamba amaloledwa kukawerenga. Loweruka likudzali ndikalandira malipiro ndiwapempha abwana kuti tsiku lina tidzapite tonse tikawafunefune mayi aja.