Lifo ya Madala, yoyenda pang'ono

(Ku Kawale, pakhonde. Madala akupukuta njinga yamoto ndi malaya akutha. Watulukira mnyamata wofuna kuyamba kabaza.)

MNYAMATA: Odi kuno! Ndaona pa WhatsApp kuti mukugulitsa njinga.

MADALA: Fikani, mwana wanga. Ndi iyi, Lifo yeniyeni. Musaitsamire, penti sanaume.

MNYAMATA: Koma pachithunzi paja inali yofiira, ya magalasi awiri.

MADALA: Ameneuja ndi mng'ono wake. Koma ndi a bere limodzi.

MNYAMATA: Chabwino. Mukuti zingati?

MADALA: Mamita awiri. Poti ndinu, heremeti ndiikapo yaulere.

MNYAMATA: Inuyo munagula zingati?

MADALA: K900,000, mu 2022, ili m'mapulasitiki.

MNYAMATA: Aaa madala! Njinga ikukalamba, mtengo n'kumakwera?

MADALA: Kodi mu Novembala 2023 munali kunja? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Njingayi sinagwe.

MAYI (ali kukhitchini): Inagwa kanayi!

MADALA: Kumene kuja kunali kugona. Inu takayatsani moto uko.

MNYAMATA: Sipidomita ikuti makilomita 3,012. Zaka zonsezi?

MADALA: Mwaonatu. Sinachitepo kabaza imeneyi. Ulendo wake unali wa kutchalitchi basi, Lamulungu lokha.

MNYAMATA: Nanga singano bwanji ikugwedera ndikaigogoda?

MAYI: Chingwe chake chinaduka mwezi woyamba. Mufunsenso za matumba a makala a ku Mitundu aja, ngati ankapita kukapemphera.

MADALA: Amayi awa BP yawakwera. Tiyeni tikambe za amuna.

MNYAMATA: Blue book ilipo?

MADALA: Mukufuna njinga kapena laibulale?

MNYAMATA: Nambala puleti bwanji palibe?

MADALA: Umenewo ndiye mwayi wanu. Inalowa kuchokera ku Mozambique, cha ku Dedza uku, njira ya m'munda. Ena akagula njinga amakagona pamzere ku Road Traffic kusintha umwini, madobadoba ali pambuyo. Inuyo ayi. Boma silidziwa n'komwe kuti njingayi inabadwa.

MNYAMATA: Apolisi akandiimitsa?

MADALA: Sangakuimitseni. Inu nomwe simungaiimitse.

MNYAMATA: Mabuleki sagwira?

MADALA: Akutsogolo anapuma pantchito mwaulemu. Akumbuyo amagwira mukawathandiza ndi nsapato. Mumavala saizi yanji?

MNYAMATA: Hutala?

MADALA: Pakamwa muli napo. Ndiponso injini yake anthu amaimva muli ku Biwi, amapatuka okha.

MNYAMATA: Inshulansi?

MADALA: Pemphero la m'mawa. Sinatheko ntchito chigulireni.

MNYAMATA: Madala, tcheni chatambasuka, sipuloketi yatha mano, tayala lakumbuyo ulusi uli panja, oyilo akudontha apa. Ndikupatsani K600,000, pompano pa Airtel Money.

MADALA (agwira pamtima): Mwabwera kudzagula kapena kudzandizonda? K600,000 ndi ya tanki yokha. Oyilo akudonthayo ndi umboni woti mkatimo alimo. Za anzanu zija sizidontha chifukwa zinauma.

MNYAMATA: K700,000.

MADALA: Mita ndi hafu, ndipo ndadzipha. Fulumirani, pali bwana wina wa ku Area 25 akubwera ndi ndalama madzulo ano.

MAYI: Yemwe uja anali kubwera madzulo chaka chatha?

MADALA: Misewu ndi yoipa, amachedwa.

MNYAMATA: Ndiiyese kaye. Ndisiye chitupa changa kapena foni, poti masiku ano anthu amathawa nazo?

MADALA: Musavutike. Nkhope yanu ndi ya munthu woopa Mulungu. Kungoti m'tankimo mwauma. Thirani lita imodzi, muimve mmene imakokera.

(Mnyamata athamangira kwa anyamata a zigubu pamsewu, abwera ndi botolo la petulo, athira. Aponda kiki. Zii. Apondanso mpaka thukuta kamukamu.)

MNYAMATA: Sitata ilibe?

MADALA: Sitata ndi ya aulesi. Kwerani, ana akukankheni. Inu ana, bwerani kuno, amalume akufuna kunyamuka!

(Njinga ilira, utsi tolo, nkhuku balala. Ifika pa mtengo wa mango wa pakona, itsokomola kawiri, izima. Mnyamata abwerera akukankha.)

MNYAMATA: Madala, yathima pamango paja.

MADALA: Imakonda mthunzi. Sinakuzolowereni, ndi njinga ya mwini mmodzi. Mukabweranso mawa ndi lita ina, ifika mpaka pachigayo.

MNYAMATA: Ndibwezereni petulo wanga.

MADALA: Wasakanikirana kale ndi wanga. Ndingadziwe bwanji wanu ndi uti?

MNYAMATA: Si inu munati m'tankimo mwauma?

MADALA: Munatsala fungo. Fungolo ndi langa.

(Mnyamata apukusa mutu, anyamuka osatsanzika. Atangokhota, Mayi atuluka ndi chigubu cha malita 20 ndi kapaipi.)

MAYI: Uyu wawotcha wambiri. Mukanauza ana asamukankhe msanga.

MADALA (akupopa petulo ndi pakamwa, alavula): Kwatsala angati kuti chidzadze?

MAYI: Ogula atatu.

(Foni ilira.)

MADALA: Halo? Eee, ilipo bwana, yoyenda pang'ono, ya kutchalitchi basi. Pobwera mudzere pa filing'i siteshoni. Inuyo mawu anu akumveka a munthu wonenepa, mutenge malita awiri.