Chenjezo kwa Inu Osuta Fodya Mukudziwa

Loweruka lapitali ndinagona pa maliro ku Matero. Malemuwo anavutika ndi chifuwa pafupifupi chaka chathunthu, ndipo chakumapeto ankalavula magazi m'kabeseni. Nanga usiku pa moto wa azibambo ndinaona chiyani? Ndudu ikuyenda dzanja ndi dzanja, wina akupichira balani pa kapepala ka nyuzi, nyimbo za amayi zikumveka m'nyumba. Woyamba kuyatsa anali mphwanga weniweni, mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito pa kiliniki ndipo masana amalangiza amayi oyembekezera. Pamwendo pake panali kamwana ka zaka zitatu, katagona, utsi ukukapita kumaso. Nditamudzudzula anati, "Amalume, ndi kamodzi chabe, kukuzizira." Kamodzi? Zala zakezo zinachita chikasu ndi kamodzi?

Kuyambira usiku umenewo ndakhala ndikukumbukira Iain Macleod. Achinyamata simumudziwa, koma ife akale dzina limeneli tinkalimva kawirikawiri pa wailesi. Anali nduna ya chipani cha Conservative ku Britain, woyang'anira maiko a atsamunda kuyambira 1959 mpaka 1961. Ndiye anatulutsa Dr Kamuzu Banda m'ndende ya Gwelo (lero Gweru, ku Zimbabwe) pa 1 April 1960. Ndiye anakokana ndi Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pa malamulo oyendetsera Northern Rhodesia (Zambia ya lero), nkhani yomwe inadzabala zipolowe za Cha Cha Cha zomenyera ufulu mu 1961. Azungu a kuno ankamuda, ndipo ena a m'chipani chake chomwe ankati ndi wochenjeretsa. Nzeru anali nazo, palibe angatsutse, ndipo ine ndimamupatsa ulemu wake.

Koma asanafike pa za ife, munthuyu anali nduna ya zaumoyo kuyambira 1952. Mu February 1954 anaitana atolankhani ku London kudzalengeza kuti pali mgwirizano pakati pa kusuta ndi khansa ya m'mapapo, potsatira kafukufuku wa Richard Doll ndi Austin Bradford Hill. Akulankhula zimenezo, iye anali akusuta, ndudu ina ikatha nkuyatsa ina, msonkhano wonse. Pepala la madokotala dzanja ili, moto dzanja linalo! Mphwanga, kodi iwe ukusiyana naye pati?

Macleod anadikira zaka zambiri kuti afike pa mpando umene ankaulakalaka. Mu 1963 anakana kugwira ntchito pansi pa nduna yaikulu yatsopano, Alec Douglas-Home, nakhala kunja kwa boma. Mu June 1970 Edward Heath, mtsogoleri wa chipani chake, atapambana chisankho anamupatsa unduna wa zachuma. Pa 20 July chaka chomwecho mtima unaima ali ku 11 Downing Street, nyumba ya nduna ya zachuma. Zaka 56 zokha, mwezi umodzi pa udindo, bajeti ngakhale imodzi osawerenga. Ngati mtima wa munthu wokhala ndi madokotala a ku London unaima choncho, wanuwo umene mukuufukiza tsiku ndi tsiku ku Chawama ndi wachitsulo?

Ndiye taonani zimene zikuchitika mu Lusaka muno. Makondakitala pa Kulima Tower kuuzira utsi pa zenera la minibasi muli mayi ndi khanda kumsana. Eni tuntemba kugulitsa mishanga kwa ana ovala yunifolomu, osafunsa n'komwe kuti watumidwa ndi ndani. Abambo akuluakulu kutuma mwana kukhitchini kuti akawayatsire pa mbaula, mwanayo nkukoka kawiri panjira kuti isazime. Mukumuphunzitsa chiyani? Atsikana athu ophunzira bwino, Lachisanu madzulo ali pa shisha, akuti imanunkhira zipatso, nkujambula ndi kuika pa Facebook ngati achita chanzeru. Mapapo amadziwa fungo la apulo? Lamulo loletsa kusuta pagulu lilipo kuyambira 2008, koma mumalipondaponda masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ife tonse timangoyang'ana kumbali.

Amene sanamvepo ndingamukhululukire. Inu munamva. Ena munaperekezapo m'bale ku Cancer Diseases Hospital pafupi ndi UTH, munaona mzere wa pa mabenchi aja ndi maso anu, munasonkha ndalama za mankhwala mpaka kugulitsa firiji, nkubwerako kudzayatsa pa geti.

Iwe mphwanga, ndi inu nonse munali pa moto paja: ngati mwatopa nawo moyo wanu, musatengereko wa ana. Zimitsani chinthucho.