Asgwrn, mawu amene anandiphunzitsa agogo a ku Wales

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Caernarfon, kumpoto kwa Wales, ku Britain. Pali agogo ena amene ndimawasambitsa m'mawa uliwonse. Matenda oiwala awalanda Chingerezi chonse, chatsala ndi Chiwelshi chimene anayamwa. Tsiku lina anandigwira dzanja zolimba, akusisita bondo, akungoti "esgyrn, esgyrn". Ine kakasi. Mnzanga wakuntchito ndiye anandiuza kuti agogo akudandaula mafupa.

Fupa limodzi m'Chiwelshi amati asgwrn. W ameneyo asakuopseni, kwa iwo amamveka ngati u, ndiye mumatchula kuti asgurn. Ife mafupa akachuluka timangoika ma- kutsogolo, iwo amatembenuza mawu m'kati mwake kukhala esgyrn.

Nditafufuza gwero la mawu akuti asgwrn, ndinachita chidwi kwambiri: ali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyambayo ndi mawu akalekale a fupa, pachibale ndi osteon wa Chigiriki ndi os wa Chilatini. Osteoporosis, nthenda yofooketsa mafupa imene madokotala amalemba m'mafayilo a agogowa inachokera muzu womwewo! Mbali yachiwiri akatswiri ambiri amaigwirizanitsa ndi mawu a Chiwelshi akuti corn, kutanthauza nyanga. Ku Cornwall, dera la ku England, ndi ku Brittany, dera la ku France, amati askorn, pamene ku Ireland anatenga njira ina, amati cnámh.

Ndipo mawuwa ali ponseponse m'kamwa mwa anthu. Msana ndi asgwrn cefn, munthu wamantha amati alibe fupa limeneli. Chinthu chimene anthu akulimbirana ndi asgwrn y gynnen, fupa la mkangano. Akatsimikiza chinthu kuchokera pansi pa mtima amati akuchimva ym mêr fy esgyrn, m'mafuta a m'mafupa.

Tsono zimandiwawa anzanga ena, ngakhale ochokera kwathu, akamati kuphunzira Chiwelshi n'kutaya nthawi poti aliyense amadziwa Chingerezi. Kalembera wa 2021 anapeza anthu 538,300 olankhula chinenerochi ku Wales, ndipo ena mwa iwo ali pabedi, Chingerezicho chinawathawa kale. Ife amene tinasiya agogo athu kumudzi tingakonde kuti namwino aziwafunsa za ululu m'chinenero chimene sachimva?

Masiku ano ndikamakweza bulangete ndimayamba ndafunsa, "Ydy'r esgyrn yn brifo?", kodi mafupa akuwawa? Katchulidwe kanga n'kokhota, koma agogo amandiyang'ana m'maso n'kundilozera bondo lakumanzere.