Mukudikira chani kwenikweni?

Abale ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka lapitali ndaona ndi maso angawa mwana wa mlongo wanga akuluza kasitomala chifukwa cha matenda odikira, inde ndi matenda amenewa, dzina lina ndilibe. Mnyamatayu amajambula maukwati ndi zinkhoswe za anthu akwathu kuno ku Joni, Rosettenville, Turffontein, mpaka ku Kempton Park amafika, dzanja ali nalo, kamera amaidziwa. Koma kompyuta yomwe amapangira edit ndi yakalekale, purosesa yake (ubongo wa kompyuta) ndi i5 ya 4th gen, khadi yake yoyendetsa zithunzi ndi mavidiyo ndi GTX 750 Ti, yotuluka 2014 ija. Mayi wina anabwera kudzatenga vidiyo ya ukwati wa mwana wawo, m'mawa mwake akwera basi ya ku Blantyre pa Park Station, amafuna akaonetse agogo kumudzi omwe sanathe kubwera ku ukwatiko. Kompyuta inayamba kurenda (kutulutsa vidiyo yomalizidwa) 2 koloko masana, fani ikulira ngati chigayo cha dizilo, kamzere kaja kufika pa 63% basi zii, mausi osayenda. Wazimitsa, wayatsa, wayambiranso. Mayi aja ali phee pa mpando wa pulasitiki, chikwama pamiyendo, maso pa wotchi ya pafoni. Itakwana 7 anangoimirira nkuti mwanawe, ingondibwezera ndalama yanga ndizipita. Osakalipa, osatukwana, ulemu wonse, ndipo ulemu umenewo ndi womwe unandibaya pamtima.

Atatuluka ndamufunsa, iwe ndalama ija unkasunga ya kompyuta ili kuti? Akuti ankolo dekhani pang'ono, purosesa yatsopano ya kampani ya AMD, Zen 6, ikubwera, kampani ya Intel nayo ikubwera ndi yake ya Nova Lake, zikangotuluka mitengo ya zinazi igwa ndiye ndigula zabwino motchipa. Mpaka kundiponyera mwambi ine malume ake, ati kuona maso a nkhono nkudekha. Nkhono yake iti? Kasitomala wangotuluka pakhomo ndi ndalama yake iwe ukundiuza za nkhono?

Nyimbo imeneyi ndinayamba kuimva 2024. Nthawi imeneyo anali ndi R14 000 yake ya thukuta, ndinamuuza tiye tikagule zipangizo, ndikumangira ndekha madzulo amodzi. Ayi ankolo, makadi atsopano a kampani ya Nvidia a RTX 50 akutuluka, tione kaye za ku CES, chionetsero cha zamagetsi chija. January 2025 yafika, Jensen Huang bwana wa Nvidia waima pa siteji ku Las Vegas ndi jekete yake ya chikopa ija, makadi atuluka. Gula tsopano. Ayi adula, tidikire AMD iyankhe. March yomweyo AMD yatulutsa khadi yake ya RX 9070 XT. Gula tsopano. Ayi tione kaye chionetsero cha Computex cha ku Taipei, mwina kuli zina. Lero akudikira mapurosesa, mawa adzadikira makadi oyenderana ndi mapurosesawo, mkuja adzati bodi yomangapo zonsezi sinakhazikike. Mtima uli kwa AMD, maso ali kwa Intel, maloto ali kwa Nvidia, mapanga awiri avumbwitsa, iyeyu ali ndi atatu.

Nanga ndalama ija? Yatsala R5 000. Sanamwere mowa, sanatayire akazi, ndimamudziwa mwanayu. Maliro a azakhali ake ku Mulanje anadya gawo, lendi inakwera, pasipoti inatha, mng'ono wake anafuna fizi. Aliyense wokhala kuno akudziwa kuti ndalama ya pa Joni siigona m'thumba chaka chathunthu, foni imodzi yochokera kumudzi basi yapita, ndipo sungakane chifukwa ndi abale ako. Ndiye munthu uli ndi ndalama m'manja, chida cha ntchito chili pa shelefu, iwe nkumati ndidikire. Ukudikira chani? Wadikira mpaka ndalama yatha, kompyuta ikadali yomwe ija, makasitomala akuthawa.

Musandimve molakwa, mpikisano wa makampaniwa ine ndimaukonda ndipo ndimautsatira kuposa mpira. Ndakhala ndikukonza ndi kumanga makompyuta zaka zambiri, ndikukumbukira bwino nthawi yomwe Intel inalibe womuopa. Kuyambira purosesa ya i7-2600K ya 2011 mpaka i7-7700K ya 2017, ma core (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa) anayi okhaokha, chaka ndi chaka kungosintha nambala ndi kuwonjezera kaliwiro pang'ono. AMD ya mayi Lisa Su itatulutsa Ryzen mu March 2017 ndi ma core asanu ndi atatu, chaka chisanathe Intel inabwera ndi i7-8700K ya ma core asanu ndi limodzi. Ndiye inde, akamalimbana timapindula ndife. Koma phindu lakelo linafika kale, lili m'mashopu panopa! Ryzen 5 5600 ili apo, ma core asanu ndi limodzi, imakhala pa bodi ya AM4 yotchipa, imadya memory (RAM) ya DDR4. Uikepo khadi ya RTX 3060 ya 12GB, SSD ya NVMe yosungira mafayilo, pawa sapulayi yolongosoka, vidiyo ya ukwati yomwe inamusunga mayi uja maola asanu ikhoza kutha iye akumwa tiyi. Izo ndi zipatso za mpikisano womwewo, zapsa kale, zikungofuna wothyola. Iwe wasiya zakupsa ukuyang'ana maluwa a chaka chamawa.

Ndipo mpikisanowu ulibe tsiku lomaliza, ndi chomwe anthu simukufuna kumva. Palibe tsiku lomwe AMD ndi Intel adzaimbe wezulo nkuti tamaliza, gulani tsopano. Tsiku lomwe Zen 6 idzafike m'shopu, pa YouTube padzakhala kale mavidiyo a yotsatira yake. Amene amapanga mavidiyo aja ndi ntchito yawo, ambiri amachita kutumiziridwa makadi kuti ayese, amadya ukamaonera. Iwe ukuonera pa WiFi ya landilodi pakati pa usiku, mtima dyokodyoko ndi ma graph a anthu ena, m'mawa ukadzuka kompyuta yako ikutenga mphindi zisanu kuti ingoyaka.

Za kuti mitengo igwa zija ndiye zimandinyansa kwambiri. Mwaiwala 2020? Khadi ya RTX 3080 inalengezedwa pa $699, anthu anagulitsa makadi awo abwinobwino motaya kuti akonzekere, kenako Covid ndi okumba Ethereum (ndalama ya pa intaneti yomwe ankaipeza pogwiritsa ntchito makadiwa) anasesa zonse, khadi osaoneka, ikaoneka mtengo wake wa galimoto ya kaunjika, mpaka 2022 anthu akulira. RTX 4090 inatuluka pa $1599, yotsatira yake 5090 pa $1999. Kutsika kwake kuli pati pamenepa? Pano ma chip akudyedwa ndi AI ndipo ambiri mwa makampaniwa amafola pakhomo limodzi la TSMC, kampani yopanga ma chip ya ku Taiwan, koma izo nza eni ake. Ineyo ndikunena kuti mtengo womwe ukuona pa siteji uja ndi wa madola, wa ku America, usanaikepo msonkho. Pofika kuno pali randi yomwe imadzuka ndi mutu wake tsiku lililonse, pali VAT ya 15%, pali mayendedwe, pali phindu la mwini shopu. Komanso purosesa yatsopano siibwera yokha, ukachoka pa AM4 kupita pa AM5 ndiye bodi yatsopano, RAM ya DDR5 yatsopano, bajeti ija yaphulika. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Wamasewera amene kompyuta yake ikuyenda bwino, akungofuna ma frame owonjezera kuti zithunzi ziziyenda mosalala, ameneyo adikire, palibe chomwe akuluza. Ine ndikulankhula ndi inu amene kompyuta ndi khasu lanu, a mavidiyo, a maposta a tchalitchi ndi maliro, a nyimbo m'tizipinda ta ku Yeoville, ana asukulu a zojambula mapulani. Khasu likathyoka nthawi yolima sudikira kuti ku fakitale akupanga lina lonyezimira. Mwezi uliwonse womwe wadikira ndi ntchito yomwe wapatsa mnzako. Mayi uja ali ndi ana ena osakwatira, ali ndi azimayi anzake a ku mvano, onsewo amva kale kuti mnyamata uja amachedwetsa. Sadzamva kuti ankadikira Zen 6, adzangomva kuti amachedwetsa. Dzina likaipa pakati pa anthu akwathu kuno, kulitsuka kwake si kwa purosesa iliyonse.

Ndamuuza kuti Lachisanu abwere ndi R5 000 yakeyo, ine ndiwonjezerapo zomwe ndingathe, timange ndi zomwe zilipo, khadi tipeze ya kaunjika. Akabweranso ndi nkhani ya ankolo dikirani, asadzandiimbirenso foni kompyuta ikafiriza.

Ndipo poti ndatchula za kaunjika, inunso ogulitsa makadi m'magulu a WhatsApp muli ndi mlandu. Mwezi watha mnyamata wina anandibweretsera khadi yomwe anagula kwa m'bale wathu wakwathu komwe, anamuuza kuti yangogwira miyezi itatu, ya masewera basi. Nditamasula, mapadi a pa memory auma gwa ngati chikopa, bodi yasanduka yachikasu ndi kutentha, fani imodzi ikugwedera, zikuonekeratu kuti inakumba ndalama za pa intaneti usiku ndi usana zaka. Mwaipukuta kunja, mwaiika m'katoni yoyera, nkugulitsa kwa mwana amene watsuka mbale mu lesitilanti miyezi isanu ndi umodzi kuti apeze ndalamayo. Pomuimbira wogulitsayo nambala siikupezekanso.