Manambala opanda mayina pa synth andikwana

Munthu wina wanditumizira patch ya Pure Data (pulogalamu ya pakompyuta yopangira mawu a nyimbo polumikiza timabokosi ndi mawaya, ndipo chimene mwalumikizacho ndiye patch) kuti ndimuthandize kuikonza, ndipo m'kabokosi ka synth yake, chida chotulutsa mawu a nyimbo, mwangondandalikidwa manambala okhaokha: 440 0.3 10 200 0.7 500. Palibe dzina ngakhale limodzi. 440 ndaizindikira chifukwa ndi noti ya A, koma enawo ndiwalosere? Kodi attack, nthawi imene mawu amatenga kuti akwere poyamba, ndi 10 kapena 200? Nanga 500 ndi release, nthawi imene mawu amatenga kuti azilale, kapena ndi ya filter yosefa mawu? Zandikwiyitsa kwambiri, ndipo ndinene mosapsatira kuti umenewu ndi ulesi.

Nambala iliyonse yopita ku chida choimbira iyenera kuyenda ndi dzina lake. Zizindikiro za $1, $2 ndi $3, zimene Pure Data imatengera nambala yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu ya m'kabokosi, zimangodziwa malo amene nambala yaima, sizidziwa ntchito yake, choncho mukasinthanitsa manambala awiri pulogalamuyo siidandaula n'komwe, imangoimba zolakwikazo mokhulupirika. Tsiku limene 500 idzagwere pamalo pa 0.3, pomwe pamayang'anira kukwera kwa mawu, masipika ndi makutu anu ndiwo adzalipire. Nambala yopanda dzina ndi msampha, ndipo msamphawo umakola ngakhale mwiniwake akabwerera ku ntchito yake patapita miyezi.

Ena adzati ndi mmene Miller Puckette anaipangira Pure Data, komanso kuti kulemba mayina kumachedwetsa. Kuthamanga sikufika. Kabokosi ka route, kogawa mauthenga potengera dzina limene lili kumayambiriro kwake, kali momwemo, ndipo mukakalembera freq (noti), amp (kukwera kwa mawu), attack ndi release, uthenga wa "freq 440" umapita pakhomo pake mosasamala kuti wabwera koyamba kapena komaliza. Kuyambira mu Pure Data 0.50 mulinso pdcontrol, imene imakupatsani zonse zolembedwa m'kabokosi ngati mndandanda kuti muzisanthule nokha. Ogwiritsa ntchito Max, pulogalamu yofanana ndi Pure Data, ali ndi chizindikiro cha @ pamodzi ndi patcherargs zotchulira mayina a manambala, ndipo a pulogalamu ina ya SuperCollider amalemba \freq, 440 popanda wowakakamiza. Ndiye chovuta n'chiyani? Tchulani dzina la chinthu chimene mukutumiza, basi.

Chinanso chonyansa m'patch yomweyi ndi mawaya. Apingasana paliponse, ena akudutsa pamwamba pa timabokosi mpaka kuphimba zolembedwa, ndipo palibe comment ngakhale imodzi yofotokoza kuti inlet (polowera uthenga) yakumanja ikuyembekezera chiyani. Pamenepo mwiniwake akufunanso kuti ndimuwonjezere nambala yachisanu ndi chiwiri, $7, ya vibrato yonjenjemeretsa mawu.